Maliro Opanda Nyimbo

Lolemba, 5 Juni 2023

Andigoneka lero cha m'ma 11 koloko, wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Kope ili ndalanda kwa Zelesi, mkazi wanga, linali lolembamo maphunziro a amayi kumpingo. Ine ndine Zakeyo Nkhwazi, zaka 66. Wolitola alibweze.

Mpweya m'magazi 84, akuti uyenera kupitirira 92. Kutentha thupi 38.9. Andiika kapaipi ka oksijeni m'mphuno. Dokotala, kamtsikana koti ndikanakabereka, anandigogoda kumsana ndi zala n'kumvetsera. Ndinamuuza asanatsegule pakamwa kuti kumanzere kwalira bwino, kumanja kwangoti bu. Anadabwa. Ndinati mwanawe, ndakhala zaka 31 pansi pa mgodi, ku Madziwa ndi kuno ku Bindura, wa matimba, wochirikiza denga ndi mitengo. Shifiti iliyonse ndinkayamba ndi kugogoda denga ndi mgwala, chitsulo chachitali. Mwala wabwino umalira, woti ugwa umati bu.

Lachiwiri, 6 Juni

Ekisireyi. Makhololo atenga kawiri kukayeza TB. Dokotala akuti fumbi la mgodi linauma m'mapapo kalekale, ndipo tsopano kumanja kwadzaza madzi. Mawa aboola.

Zelesi wabwera ndi tiyi mu fulasiki ndi mbatata ziwiri zootcha. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Bambo a Luckmore, ndawauza a Kenias kuti mwagonekedwa." Ndinati wawauziranji, ndi adokotala?

Ndilembe bwino nkhaniyi, chifukwa ikundidya kuposa chifuwa. Chaka chatha mu Febuluwale mwana wathu Luckmore anakwiririka m'dzenje la makorokoza, anyamata okumba golide paokha, kunja kwa tauni. Tinakumba masiku atatu. Ine ndinkapemphera mokuwa pamwamba pa dzenjelo kuti Mulungu asinthe maganizo. Tinamutulutsa atafa. Kumanda analalikira a Kenias, mlembi wa bwalo la akulu a mpingo wathu. Anati tsikulo Mulungu analilemba dziko lisanalengedwe, Iye sasintha, ndipo pemphero si chingwe chomukokera nacho. Aliyense anadziwa kuti akunena ine. Ndinaimirira n'kuti, "Bodza. Dzenje lija linalibe matimba." Bwalo linandiitana. Ndinawauza kuti Mulungu wosapindika ndi kulira kwa bambo ndi mwala, ndipo miyala ndagwira nayo ntchito moyo wonse, sindinaigwadirepo. Anandivula ukulu wa mpingo n'kundilanda khadi la mgonero.

Lamulo la kwathu nali: munthu akafa ali woimitsidwa, mpingo sumuimbira. Kwaya sibwera, amayi savala yunifolomu. Amabwera mkulu mmodzi, pemphero lalifupi, kenako mafosholo. Chaka chonsechi sindinasamale. Lero ndili ndi paipi m'mphuno ndipo Zelesi sakuchotsa maso pa ine.

Lachitatu, 7 Juni

Aboola pakati pa nthiti kumanja. Atuluka mamililita 900, achikasu, onunkha. Paipi aisiya, ikutsikira m'botolo pansi pa bedi. Jakisoni kanayi pa tsiku. Kupweteka kwake sindingalembe.

Lachinayi, 8 Juni

TB palibe. Ndi mafinya, akuti tizilombo tinalowerera pa mabala a fumbi. Lero atuluka mamililita 350. Mpweya 88.

Bedi la kumanzere kuli Che Khamis, Msilamu wa ku lokesheni, wogulitsa nsapato za kaunjika pamsika. Shuga wawadya chala chachikulu cha phazi. Makolo awo anachokera ku Mangochi, anga ku Dedza, ndipo tonse awiri sitinapondeko. Atandimva ndikutukwana paipi m'Chinyanja anaseka mpaka bedi kugwedezeka. "Achimwene, ndimayesa ndine ndekha mlendo muno." Akazi awo anabweretsa mpunga wa nazi ndipo anandigawira. Ndadya masipuni anayi.

Sista Chenai wa m'mawa ndi wabwino koma amandiyesa mwana. Akandipeza ndakhala tsonga ndikulemba amati m'Chishona, "Sekuru, rarai pasi," kuti agogo gonani. Ndimagona, akatuluka ndimadzuka.

Loweruka, 10 Juni

Abwera a Kenias, suti yakuda, malalanje atatu m'pepala ngati abwera kudzaona munthu. Tinagwira ntchito pa mgodi umodzi, koma iwo anali kalaliki wa pamwamba. Zaka zonsezo sanatsikepo pansi, fumbi lawo linali la mafayelo.

Anafunsa za thupi mwaulemu, kenako anatulutsa kalata. Ndikasaina, bwalo lindibwezera mumpingo, abusa abwera ndi mgonero pabedi pano. Mizere yake ndi itatu. Woyamba: ndinalakwa kusokoneza mwambo wa maliro. Wachiwiri: Mulungu sasintha ndipo adziwa zonse. Wachitatu: imfa ya mwana wanga Luckmore, tsiku lake ndi njira yake, inakonzedweratu ndi Mulungu mwa chifuniro chake chabwino.

Ndinati, "A Kenias, m'Malemba muli mfumu ina inauzidwa kuti ikonze za m'nyumba, ikufa. Inatembenukira kukhoma n'kulira, ndipo inaonjezeredwa zaka khumi ndi zisanu. Chimenecho si kusintha?"

"Ayi akulu. Mulungu anadziwiratu kuti idzalira. Zaka zija zinalembedwa kale."

"Ndiye potumiza uthenga woti ukufa, ankaiseweretsa? Mukufuna ndisaine kuti Mulungu amaopseza odwala dala?"

Anapukuta magalasi. "A Nkhwazi, taganizani. Ngati angasinthe lero chifukwa mwalira, mawa angasinthe chifukwa wina walira kuposa inu. Lonjezo lake la kukukhululukirani mudzaligwira pati? Mukufuna Mulungu wonga bwana wa shifiti, woti ngozi ikachitika amathamanga akufunsa kuti chachitika n'chiyani?"

Funso limenelo ndi lolemera, sindikana. Ndinayankha kuti kudziwa ndi kuchita n'zosiyana. Ine ndinkagogoda denga n'kudziwa kuti ligwa, koma sindine ndinkaligwetsa.

"Inu munalibe mphamvu yoligwira ndi dzanja," anatero. "Iye ali nayo. Ngati sanaligwire, ndiye kuti anafuna."

Apo ndinakuwa, chifuwa chinandigwira, makina anayamba kulira. Sista Chenai anathamangira, anawatulutsa. Mpweya unatsika kufika 81. Anandikalipira kuti, "Sekuru, hasha dzinopedza mweya," kuti mkwiyo ukunditha mpweya. Ndinati auzeni a sutiwo. Kalata aisiya pansi pa malalanje.

Lamulungu, 11 Juni

Masana kunabwera amayi a mpingo wina kudzaimbira odwala m'Chishona. Anaimba bwino. Zelesi anakhala pamphepete pa bedi, manja pamiyendo, osaimba nawo. Atatuluka anati, "Zathu zimakoma kuposa izi." Ndinadziwa kumene akupita.

"Bambo a Luckmore, tamverani. Anzathuwa akafa amanyamulidwa kupita kumusha, kuli manda a makolo, kuli azakhali olira. Ife tili ndi chiyani? Kadothi ka manda kaja kuseri kwa komboni yakale ya pamgodi, ndi nyimbo za m'Chinyanja. Bambo anu tinawaimbira. Amayi anga tinawaimbira. Luckmore tinamuimbira usiku wonse. Inu ndikakuikeni zii, anthu a m'lokesheni akuonera, azikati onani anthu opanda mudzi, ngakhale tchalitchi chawo chawataya?"

Ndinati sindinafe. Anati, "Ndiye sainani mudakali moyo."

Ndinamufunsa ngati iye amakhulupirira kuti Mulungu anakhala pansi n'kukonza zoti dothi lilowe m'kamwa mwa mwana wake. Anayamba kulongedza mbale. Anachoka nthawi ya alendo isanathe, ndipo zandipweteka kuposa paipi.

Lolemba, 12 Juni

Kutentha 39.4. M'botolo 60 basi, koma akuti si nkhani yabwino, mafinya akhuthala. Asintha jakisoni.

Lachiwiri, 13 Juni

Osadya. Ndasanza phala.

Lachinayi, 15 Juni

Kutentha kwatsika, 37.8. Ndadya nthochi ndi theka la bani.

Che Khamis anamva zonse za Loweruka, makatani a muno sabisa mawu. Lero m'mawa akudikira kutsukidwa bala anati, "Achimwene, a suti aja akanabwera kumzikiti tikanawapatsa mpando wa kutsogolo. Nafenso timati zonse zinalembedwa." Ndinati ndiye mukumweranji mapiritsi a shuga? Anati, "Kumwako kunalembedwanso." Ndinati nanga masiwiti mumabisa m'pilo aja? Anati, "Amenewo ndiye analembedwa ndi zilembo zazikulu." Ndaseka koyamba chilowereni muno, nthiti zinachita ngati zithyoka.

Kenako anafunsa mofatsa: "Inu wodziwa matimba, dzenje la mwana wanu munalionapo?"

Ndinaliona. Izi sindinauzepo munthu, ngakhale Zelesi. Luckmore ananditengako mu Januwale, mvula ili pakati, kuti ndikamuonere. Ndinatsika mamita ochepa, ndinagogoda, linati bu. Ndinamuuza kuti muno mufunika mitengo khumi ndi iwiri, musakumbenso. Anati, "Mudhara," ndi mmene ankandiitanira, "tiikireni ndinu." Ndinakana. Ndinali nditakwiya kuti anasiya sukulu ya umakaniki n'kulowa m'maenje, ndinafuna achite mantha abwerere kunyumba. Ndinkadziwa, ndipo manja ndinali nawo. Ndinakwera basi kubwerera kwathu.

Ndinawauza Che Khamis zimenezi ndikuyang'ana kudenga. Iwo anati, "Ndiye mzere wachitatu uja ndi mankhwala anu. Mukasaina, mlandu wachoka pamutu panu."

N'chifukwa chake ndikuukana. A Kenias akundipatsa njira yoti ndisenzetse Mulungu katundu wanga. Masiku atatu aja pa dzenje ndinkamupempha kuti asakhale ngati ine, kuti Iye atembenuke abwerere. Ngati sangatembenuke, ndinkakuwira yani?

Lachisanu, 16 Juni

Ekisireyi yachiwiri. Dokotala anakhala pabedi, chizindikiro choti nkhani si yabwino. Mafinya apanga zipinda, paipi singawafikire, ndipo papo lakutidwa ndi chikhungwa. Afunika kutsegula chifuwa n'kupala. Kuno sangathe, ndi ku Harare. Malo apezeka Lachinayi, pa 22. Mtima wanga akuti unakula mbali yakumanja chifukwa chokankha magazi m'mapapo ouma. Ndinamufunsa kuti mwa anthu khumi onga ine amadzuka angati. Anazengereza. Ndinati ndauzapo amuna akuluakulu kuti tulukani, denga ligwa, usandinyengerere. Anati mwina asanu ndi mmodzi, mwina asanu ndi awiri. Osachita opaleshoni, sindifika Ogasiti.

Ndamukonda mwana ameneyu. Iye amati "mwina". A Kenias mawu amenewo sawadziwa.

Madzulo ndatenga kalata ija. Mzere woyamba ndavomera, kukuwa kumanda kunali kulakwa, ndinachititsa manyazi Zelesi. Wachiwiri ndaonjezera pamwamba pake ndi cholembera: "sasintha pa chifundo chake." Wachitatu ndaudula ndi mzere umodzi. Ndasaina pansi n'kupatsa Zelesi kuti akapereke, bwalo likumana Lamulungu. Anaigwira ndi manja awiri, nkhope inawala. Ndinamuuza kuti asayambe kusangalala.

Loweruka, 17 Juni

Mpweya 87. Atenga magazi kuyeza gulu. Che Khamis awadula chala, abwerera akuyankhula za nsapato, akuti tsopano avala saizi iliyonse.

Lolemba, 19 Juni

Akana.

A Kenias sanabwere, atuma kalata yatsopano ndi Zelesi, yotayipa bwino, mizere itatu yomweyo, palibe chilembo chosuntha. Pamwamba amata kapepala: "Chigamulo cha bwalo sichisintha. Mawu amene ananenedwa poyera kumanda ayenera kubwezedwa onse."

Sichisintha! Amuna asanu ndi awiri, atatu mwa iwo ndinawaphunzitsa ndine kalasi ya ubatizo, mmodzi ndinamutulutsa pansi pa mwala mu 1994 mwendo uli lende. Lero akhala pa mabenchi amene ndinakhoma ndi manja anga n'kudziyesa okha osasintha. Chaka chatha anasintha tsiku la zokolola katatu chifukwa cha mpira. Anasintha mtundu wa makatani. Anabweza mumpingo munthu wa akazi awiri atangolira pang'ono pamaso pawo, ndipo ndinavomera nawo, chifukwa chifundo ndi chimenecho. Koma pa mzere umodzi wa mwana wanga ndiye aumirira ngati iwo ndiwo analenga dziko.

Ndipo taonani nzeru zake. Akufuna ine ndisinthe kuti iwo asinthe chilango, zonsezi kuti titsimikize kuti kumwamba kulibe kusintha. Ine wafumbi ndikhoza kumva kulira kwa mkazi wanga n'kufewa. Iwo akhoza kuona siginecha n'kufewa. Yekhayo amene anatipatsa mitima yofewayi ndiye akuti sangathe. Ndinawerengera Che Khamis kapepalako mokweza mpaka wodi yonse inatembenuka. Sista Chenai anabwera ndi makina, 83, anandilanda cholembera mpaka madzulo.

Lachiwiri, 20 Juni

Andiyeza mtima ndi mawaya. Ambulansi inyamuka Lachinayi 5 koloko m'mawa, opaleshoni Lachisanu 8 koloko. Zelesi aloledwa kukwera nawo.

Lero sanabweretse chakudya, anaiwala fulasiki pa sitovu. Anakhala nthawi yaitali akusalaza bulangeti. Ndinamuuza za Januwale, za mitengo khumi ndi iwiri, zonse. Ndinayembekeza kuti adzuka n'kuchoka.

Anati, "Ndinkadziwa. Luckmore anandiuza tsiku lomwelo. Anati mudhara akalipa, koma abwera, amatero nthawi zonse."



"Mumayesa ndinu nokha mumakangana ndi Mulungu?" anapitiriza Zelesi. "Ine ndimamuuza m'mawa uliwonse ndikusesa. Ndimati munanditengera mmodzi, uyu musiyeni, ngati munalemba fufutani. Mzere wa a Kenias uja sindiukhulupirira ngakhale pang'ono. Koma Mulungu ndikhoza kulimbana naye ndekha, amandimva. Bwalo silindimva. Mukatisiya Lachisanu, inu mukakhala mukutsutsana ndi mwini wake maso ndi maso, mukasangalala. Wotsala pabwalo ndi bokosi ndi anthu osaimba ndine. Zaka makumi anayi sindinakupempheni kanthu kolemera. Musandisiyire maliro a zii."

Ndinamuuza kuti ndikasaina ndinama pamaso pa Mulungu. Anati, "Si mwavomera kuti adziwa zonse? Adziwanso amene wakutumani."

Lachitatu, 21 Juni

Mpweya 86. Kutentha 37.5. Asintha botolo, andimeta pachifuwa. Kuyambira mawa usiku osadya.

Abwera 3 koloko, abusa ndi a Kenias. Abusa ndi mnyamata wa ku Harare woyang'anira mipingo inayi, Chinyanja chake n'cha m'buku, nkhaniyi anaipeza itapsa kale. Anangoima ndi kachikwama ka mgonero.

Ndinapempha kuti a Kenias awerenge okha mzere wachitatu mokweza, akuyang'ana amake Luckmore. Anawerenga. Pa dzina la mwana mawu anawathawa, anayambiranso. Atatha anati motsitsa, "A Nkhwazi, musandiyese chilombo. Mayi a kunyumba kwathu atamwalira pa msewu wa ku Shamva, ndikanapanda kugwira kuti zinalembedwa, ndikanapenga. Ndimadzuka m'mawa chifukwa cha chimenecho." Ndinati ndamva, ndipo pepani. Koma ndodo yanu mwaisandutsa chibonga chomenyera ena.

Ndasaina. Dzina lonse, Zakeyo Nkhwazi, ndi deti. Dzanja silinanjenjemere ndipo zimenezo zandikwiyitsa. Che Khamis anatembenukira kukhoma kuti asaone.

Anandibwezera khadi, lomwe lija, lopindika pakona. Abusa anapemphera kuti kufuna kwa Mulungu kuchitike, ananyema mkate, anandimwetsa m'kakapu. Zelesi anayambitsa nyimbo ya mgonero motsitsa, a Kenias analowa ndi besi yawo ija, ndipo ine ndinalira ngati mwana, paipi ikugwedezeka m'nthiti. Ndinaisowa nyimboyo, sindibisa. Ndalira ndili wokwiya, ndipo mpaka pano mkwiyo sunathe.

Atapita, Zelesi anapinda khadi m'kansalu n'kuika m'chikwama chake. Mapewa ake atsika koyamba chiyambire Juni. Anapita kukalongedza za ulendo.

Tsopano ndatsala ndi Inu, Mulungu. A Kenias akuti mudziwa zonse, ndipo pamenepo sitinakanganepo. Ndiye mukudziwa kuti mzere wachitatu uja ndanama, mukudziwa chifukwa chake, ndipo mukudziwa amene anakwera basi kusiya mwana m'dzenje lopanda matimba. Mlanduwo ndi wanga, sindikupatsani.

Ngati a Kenias akulondola, palibe chimene ndingaonjezere, ndipo Zelesi nyimbo zake wazipeza. Koma ngati ndikulondola ndine, mayi uja wakhala akukupemphani m'mawa uliwonse ndi tsache m'manja. Ine ndinamva mwana wanga akundipempha ndipo sindinatembenuke. Inu tembenukani. Ndi Lachisanu, 8 koloko.